Khamu Limene Hilary Anaitana

"Masiku atatu okha. Kodi masiku atatu ndi chaka?"

"Kwa munthu wabwinobwino si chaka. Koma tamverani mmene akupumiramo."

Onse awiri anamvetsera. Kuseri kwa chitseko cha bango kunkamveka kupuma kwa Nelia, kofupika, konga kwa munthu amene akucheka thabwa lonyowa ndi sowo yobuntha. Amene ananena za masiku atatu anali mwamuna wake, Hilary, katekisiti wa katchalitchi kaudzu ka kufupi ndi Nselema. Amene anamuyankha anali Lukiya, mkulu wake wa Neliayo, mayi wachisilamu wosadziwa kuzungulira polankhula. Linali Lamulungu masana, mwezi wa Julaye, m'chaka cha 1952, ndipo mwera unkalowa pakhonde ngati kwawo.

Mwamuna wa Lukiya, Sufiyani, anakhala pa tayala lakutha cha kumapeto kwa khonde. Iye ankayendetsa lole ya mmwenye wina wogula thonje.

"Achimwene," anatero Sufiyani, "mawa m'mamawa ndikunyamula thonje kupita ku Balaka. Mlamu akhale kutsogolo ndi mkulu wakeyu. Dzuwa lisanapendeke akhala ali m'manja mwa asisitere anu omwewo. Jakisoni wa chibayo ali kumeneko, si inu nomwe mumatiuza?"

"Tipita Lachinayi," anayankha Hilary. "Tonse pamodzi."

Kuti timve chimene chinkamuumitsa khosi munthuyu tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mishoni imene inkayang'anira katchalitchi kake inali kutsidya kwa Shire, kamtunda pang'ono kuchokera pa siteshoni ya Balaka, ndipo nkhoswe yake anali Yakobo Woyera. Chaka ndi chaka, pa tsiku la woyerayo, akhristu a m'midzi ankapita kumeneko kukachita chikondwerero. Chaka chapitacho Hilary anafika ndi anthu khumi ndi mmodzi, kuwerengera ndi makanda awiri a kumsana. Katekisiti wina wa ku Balaka komweko anamufunsa pagulu ngati anthu ake otsala anamira powoloka pa Liwonde. Anthu anaseka. Hilary naye anaseka, koma kwa mano okha. Mawuwo anapita nawo kwawo, nawasunga mmene mlimi amasungira mbewu pa utsi.

Pasaka itangotha anakwera njinga. Anapita kwa Kawinga, anafika ku Ngokwe, analowa m'midzi imene wansembe anali asanapondemo, mmene mkhristu ankapezeka mmodzi ngati dzino la nkhalamba. Paliponse uthenga unali umodzi: chaka chino wosatsala munthu. Okalamba abwere. Odwala makamaka abwere, chifukwa kudzakhala kuwadalitsa. Analembanso makalata kwa makatekisiti anzake, owauza mwaulemu kuti a ku Nselema adzafika ochuluka. Anzakewo anamva chimene kalatayo sinanene, ndipo aliyense anatulutsa njinga yake.

Panalinso lamulo. Zaka za m'mbuyo anthu odziwika ankatumiza mawu kwa akhristu okhala pafupi ndi mishoni kuti awasungire pogona, ndipo osauka ochokera kutali ankagona panja. Pa msonkhano wa makatekisiti Hilary anaimirira nati zimenezi n'zachikunja. Pasakhale kusungirana malo. Woyamba kuyala mphasa, malo ndi ake, kaya ndi mfumu, kaya ndi katekisiti, kaya ndi wopemphapempha. Anamuwombera m'manja. Lamulolo linali labwino ndithu, ndipo vuto la malamulo abwino n'lakuti sazindikira nkhope ya amene anawabala.

"Ngati inu simungasiye anthu anu, tsalani," anatero Lukiya. "Ine ndimutenga ndekha. Mukatipeze Lachinayi lanulo."

"Iyayi."

"Iyayi wa chiyani?"

Hilary anapukuta fumbi limene panalibe pa bondo la buluku lake. "Amayi a ku Ngokwe ndinawauza kuti adzayenda pambuyo pa mkazi wanga. Komanso, alamu, musandimve molakwika. Mkazi wa katekisiti kukafika pa mishoni atanyamulidwa ndi Asilamu, mwamuna wake ali kumudzi, abambo ansembe akaganiza chiyani?"

"Akaganiza kuti ali ndi abale," anatero Sufiyani.

"Anabadwa m'mimba imodzi ndi ine asanakumane ndi madzi anu a pamutuwo," anatero Lukiya. "Ngwamba, alamu, ndati iyayi. Chifuwa sichifunsa kuti mumapemphera tsiku liti."

Mlongo wawo, mwini mbumba, anali ku Halale, ndipo kalata yomufunsa ikanatenga mwezi. Motero mlandu anaugamula wodwala mwiniwake. Mawu ake anatuluka pa chitseko pang'onopang'ono, ngati madzi a m'chitsime chakuphwa.

"Asiyeni, achemwali. Avutika nazo miyezi itatu. Ndidikira."

Lolemba lole ya Sufiyani inanyamuka mpando wakutsogolo uli wopanda munthu. Pofika kwa mmwenye anaikapo nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo, ndipo nkhukuzo zinafika ku Balaka nthawi yabwino.

Lachinayi kutacha, pa msika wa Nselema panali anthu amene Hilary yemwe sanawayembekeze. Lole imene akhristu anabwereka inadzaza, ena anakwera pamwamba pa akatundu, ena anali atayamba wapansi masiku awiri m'mbuyomo. Nelia anamukhazika kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi nkhalamba ina yosaona. Lukiya anafuna kukwera, koma panalibe ngakhale poponda chidendene. Anangovula nsalu yake yakunja, namufunditsa mng'ono wake pamwamba pa bulangete, namunong'oneza mawu a Chiyao amene Hilary sanawamve. Kenako anayang'ana mlamu wakeyo.

"Ndakubwerekani," anatero. "Sindinakupatseni."

Mpaka pa Liwonde ulendo unali wa nyimbo. Hilary anaimirira kumbuyo atagwira mbendera, mtima uli m'mwamba, ndipo mudzi uliwonse umene ankadutsa ankaona anthu ena ali pa msewu, mitolo pamutu, makorona m'khosi. Koma atatsikira ku mtsinje nyimbo inazilala yokha. Pa doko panali malole asanu ndi awiri, ngolo, njinga zosawerengeka, ndi anthu odzaza gombe lonse. Chombo chowolotsa chinali chimodzi, chokokedwa ndi amuna pa chingwe, ndipo chinkanyamula lole imodzi pa ulendo. Masiku ena munthu ankadikira pamenepo nthawi yosuta ndudu imodzi. Tsiku limenelo okoka chingwe anali atatupa manja dzuwa lisanafike pamutu.

Hilary anapita kwa kapitawo wa chombo.

"Ndili ndi wodwala."

"Aliyense pano ali ndi wodwala, aphunzitsi. Onani." Kapitawoyo analoza ndi chibwano. Pansi pa mitengo panali machila, anthu opuwala, ana otupa mimba, nkhalamba zogonekedwa pa zitseko. "Akuti kuli wina wake anazungulira dziko lonse kuwauza kuti abwere nawo. Ndikanamuona, ndikanamupatsa chingwechi akoke."

Hilary sanadziulule. Anabwerera ku lole, napeza Nelia akunjenjemera, milomo itauma gwa. Mphepo ya pa mtsinje inkalowa pa zenera lopanda galasi. Anawoloka dzuwa litapendeka kale, ndipo kumwamba kunali kutachita bii, kamvula ka chiperoni kakuyamba kuwaza.

Atayandikira mishoni lole inalephera kupitirira. Msewu unali utasanduka msika ndi chigono nthawi imodzi. Amuna anayi a ku Nselema ananyamula Nelia pa bulangete mpaka ku chipatala cha asisitere, akulumpha miyendo ya anthu. Sisitere amene anawalandira anali wotopa kotero kuti anamvera chifuwa cha wodwalayo ali chiimire, atatsamira khoma. Anamubaya jakisoni pomwepo pa khomo.

"Chibayo, mbali zonse ziwiri. Bwanji simunabwere naye msanga?"

"Tinali ndi zokonzekera, amayi."

"Lolemba mabedi anayi anali opanda anthu. Lero pa bedi pali awiri, pansi pa bedi pali wachitatu, ndipo khonde mukuliona nokha. Ndimuchotse uti? Mupezereni m'nyumba motentha, mopanda mphepo, ndipo mawa m'mawa mubwere naye abayidwenso. Asagone panja. Mwamva? Asagone panja."

Anamukhazika pansi pa mtengo wa mango, amayi awiri a gulu lawo atamutchinga ndi nsalu, ndipo Hilary anauyamba ulendo wachiwiri wa tsikulo, wa khomo ndi khomo.

Anayambira ku sukulu ya mishoni. M'makalasi munali amayi othinana ngati nsomba pa thandala. Wina wachifundo anasuntha mphasa yake, koma anzake atamva kuti wodwalayo akutsokomola anayamba kukokera ana awo kumbuyo, ndipo mawu akuti chifuwa chachikulu anayenda m'chipindamo mofulumira kuposa mmene Hilary akanawatsutsira. Anatuluka.

Anapita kwa mkulu wina wa mpingo amene zaka zonse ankamusungira chipinda. Mkuluyo anamulandira ndi manja awiri, namulowetsa kuti adzionere yekha. M'chipinda chija munali banja la anthu asanu ndi mmodzi la ku Ngokwe, ndi gogo wawo wakhungu atagona pa bedi.

"Anafika dzulo," anatero mkuluyo. "Ndinafuna kuwauza kuti muno ndi mwa aphunzitsi a ku Nselema, koma mkazi wanga anandikumbutsa lamulo. Ndiwatulutse? Mukanena inu, ndiwatulutsa. Lamulo ndi lanu."

A ku Ngokwe aja anamuzindikira. Bambo wa banjalo anadzuka, nagwada, namugwira dzanja. "Aphunzitsi! Tabwera, monga munanenera. Amayi awa tawanyamula masiku atatu."

Pakamwa pa Hilary panatseguka, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Mwachita bwino."

Anathamangira ku tchalitchi kuti akapemphe abambo ngakhale kachipinda kosungira makasu. Ansembe onse awiri anali m'malo olapitsira, ndipo mizere ya olapa inatuluka pa khomo, nizungulira tchalitchi, nikathera ku manda. Anayesa kudutsa. Mayi wina anamugwira malaya. "Machimo anu ndi othamanga kuposa athu?" Anaima pamzere nthawi yoti munthu n'kunena korona imodzi, mzerewo unasuntha mapazi atatu, ndipo anachokapo.

Kunatsala malo amodzi, resitihausi ya Goliati pafupi ndi siteshoni, ya zipinda zisanu ndi chimodzi zofolera malata, imene masiku wamba inkagona anthu odikira sitima, awiri kapena atatu. Goliati anali munthu wamfupi, wonenepa, wosapemphera kulikonse. Hilary anamupeza akukuwira akazi ophika tiyi m'migolo.

"Chipinda? Lero?" Goliati anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo, mwachokera kumwezi? Ogulitsa nsalu a ku Limbe analowa Lachiwiri. Ojambula zithunzi, ogulitsa makorona, wina wa mankhwala a mano, onse atsatira khamuli. Ine ndi ana anga tasamukira m'khitchini, tikugona chokhala. Mwachokera kuti?"

"Ku Nselema."

"Ku Nselema! Ndiye mukumudziwa katekisiti uja wa njinga?"

Hilary anazengereza. "Ndine."

Goliati anapukuta manja pa malaya, namugwira dzanja, naligwedeza kwa nthawi yaitali. "Inu! Zaka khumi ndili pano, woyera wanu uja sanandiganizirepo ngati chaka chino. Amayi, apatseni tiyi awa, wa mkaka, asalipire. Chaka chamawa mudzayambe msanga kuzungulirako."

"Mkazi wanga akufa," anatero Hilary. "Ndikufuna pomugoneka."

Kuseka kunachoka pa nkhope ya Goliati. Anayang'ana zitseko zake chimodzichimodzi, ngati kuti mwina chachisanu ndi chiwiri chamera osadziwa. Anagogoda pa ziwiri. Pa choyamba anamuyankha kuti muli kale anthu asanu ndi katundu wa nsalu amene sangagone panja. Pa chachiwiri anafunsa matenda ake, ndipo atamva za chifuwa chitseko chinatsekeka. Goliati anabwerako ndi masaka anayi opanda kanthu.

"Tengani awa. Pa msewu wa ku mishoni pali shedi yogulira thonje. Makoma ilibe, koma denga lilipo."

Kumeneko n'kumene gulu la ku Nselema linali litasonkhana kale, popeza nalonso linafika mochedwa. Anamangirira masaka ndi mbendera ija ku nsanamira za mbali ya mwera, nayatsa moto wa mapesi onyowa umene unkatulutsa utsi wambiri kuposa kutentha. Kunja kutada Nelia anatsegula maso, nafunafuna mwamuna wake.

"Afika angati?"

"Akuti zikwi zitatu. Mwina kupitirira."

"Athu okha?"

"Zana ndi makumi anayi."

Anamwetulira pang'ono. "Ndiye sakusekaninso."

"Usalankhule. Mawa akubayanso, uchira."

"Mapazi anga akuzizira," anatero Nelia. Hilary anavula jekete lake la pa guwa, nawakulunga.

Kamvula kaja sikanaleke mpaka kucha. M'mawa wa tsiku la Yakobo Woyera belu linalira, ndipo msewu wonse unadzuka nthawi imodzi. Mdipiti unayambira pa siteshoni kulowera ku tchalitchi, motero unadutsa pa shedi pomwepo, wodzaza msewu kuchokera ku ngalande iyi kufika ku inayo. Amuna anayi aja ananyamulanso bulangete kuti apite ku chipatala, koma kulowa m'khamu limenelo kunali ngati kuwoloka Shire ndi mtolo pamutu. Anadikira kuti lidutse. Linadutsa kwa ola lathunthu ndi theka, likuimba, mbendera za midzi zikuwomba, ndipo Hilary ankatha kutchula mudzi uliwonse ndi tsiku limene anaupalasira njinga. Pamene mchira wa mdipiti unkafika, mmodzi wa amayi aja anaika khutu pa chifuwa cha Nelia, nadzuka, namufunditsa kumaso nsalu ya mkulu wake.

Nthawi yomweyo katekisiti wa ku Balaka uja, wa nthabwala ya chaka chatha, anatulukira akupuma wefuwefu.

"Achimwene, tikukufunani! Abambo akuti mukhale kutsogolo, akutchulani pa ulaliki. Chaka chino mwatigwetsa tonse, ndavomera." Kenako anaona nsaluyo, navula chipewa.

Kwa anthu a kwawo kwa Nelia, mkazi amagona m'manda a amayi ake. Mkamwini angathe kulakwa zambiri namukhululukira, koma mwana wa eni ake amamubweza, wamoyo kapena wakufa. Hilary ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo tsiku lonse la chikondwererocho analithera pa malole. Dalaivala aliyense anali ndi anthu ake oti awabweze, ndipo panalibe wofuna kukweza maliro pakati pa amayi ndi ana. Wina anamuuza mosabisa kuti pa Liwonde padzakhala mzere wa masiku awiri, nanga mtembo udikira? Anafunsa za Sufiyani kumakina a thonje, namva kuti mmwenye wake anamutuma ku Limbe Lachitatu, pothawa chipwirikiti chomwechi. Sitima inali yodzaza mpaka pa masitepe, ndiponso sinkapita kwawo.

Anamuika Loweruka m'manda a pa mishoni. Anthu a m'deralo amati sanaonepo maliro aakulu chotero. Amene ankadikira malole, posowa chochita, anabwera onse, mazanamazana, naimba bwino kwambiri nyimbo zimene anaphunzira pokonzekera chikondwerero. Ali pa manda, Hilary anamva mayi wina kumbuyo kwake akufunsa mnzake kuti malemuwa ndi a kuti, ndipo mnzakeyo anati sakudziwa, koma akuti ndi mlendo.

Kwawo anabwerera wapansi, masiku atatu, ngakhale malo pa lole anali atapezeka. Mbiri inali itamutsogolera. M'midzi ya m'njira anthu ankamupatsa madzi osamufunsa kanthu, ndipo iye, munthu amene miyezi itatu sanatseke pakamwa, ankangolandira ndi manja awiri n'kupitirira. Palibe amene anamunamiza pa nkhani yonseyi. Kapitawo sanamukondere, sisitere sanamubisire bedi, mkulu wa mpingo anasunga lamulo, Goliati anapereka zimene anali nazo. Aliyense anachita zoyenera, ndipo munthu anafa. Hilary anapempha khamu, ndipo khamu linabwera ndi zonse zimene khamu limabwera nazo: njala yake, odwala ake, mphasa zake, ndi miyendo yake yotseka njira. Iye anaitana mitu yoti aiwerenge, kuiwala kuti mutu uliwonse uli ndi msana wofuna pogona. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati walira mvula walira matope.

Anafika pa mudzi Lachiwiri masana. Pa bwalo panali anthu ochepa, amuna pansi pa mtengo, akazi pakhonde, maliro opanda mtembo. Sufiyani anadzuka, namulandira kamtolo ka zovala, namupatsa mpando. Lukiya sanadzuke. Sanalire, sanakuwe. Anamuyang'ana mlamu wakeyo kuyambira ku mapazi otupa mpaka kumaso, kenako anayang'ana njira ya kumbuyo kwake, ngati kuti mwina pali wina akubwera pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero, "m'bale wanga mwamusiya ndi yani?"